Makina a plasma opha chuku pa zokolola, tigule kapena tisiye?

MlimiWaMtedza: Akuluakulu, gulu lathu la alimi likufuna kusonkha ndalama tigule makina a plasma othana ndi chuku pa mtedza ndi chimanga. Wogulitsa akuti amadutsitsa magetsi amphamvu mumpweya, chuku n'kufa koma mbewu osapsa. Alipo amene anawagwiritsapo ntchito?

Wotopa_Nazo: Musayerekeze achimwene. Ine ndinagula pa intaneti chaka chatha, pabokosi atalemba plasma ndi zilembo zikuluzikulu. Mwana wanga atamasula kumbuyo tinapezamo kachipangizo kotulutsa mpweya wa ozoni ndi fani basi. Ndinayatsa usiku wonse pa matumba 6 a mtedza, m'nyumba monse fungo lotsamwitsa. Patatha mwezi ndikuswa mtedza, mkati mwachita biriwiri, kulawa kuwawa. Wogulitsayo foni sayankha mpaka lero. Mtima ukundiwawabe.

BwanaExport: Munagula chidole bambo. Anga ndi enieni, mtengo wake ngati wa lole yaing'ono. Ku European Union mtedza wodya anthu sufunika kupitirira 4 ppb (magawo 4 pa biliyoni) ya aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, ndipo katundu wanga sanabwezedwepo.

Kachingwe22: Lole? Ine anandiuza mtengo wosafika ndi wa njinga yamoto.

BwanaExport: Ndiye omwe aja a fani.

MayiNkhokwe: Ana inu, ndalama zakuchulukirani? Yanikani chimanga pa lona mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti. Ngati mulibe choyezera, ikani chimanga pang'ono m'botolo louma pamodzi ndi mchere, mugwedeze. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, bwererani padzuwa. Kenako sankhani zovunda, zotsalazo m'matumba osalowa mpweya aja a PICS. Ngakhale anankafumbwe amafera momwemo.

MlimiWaMtedza: Amayi, kuyanikako timayanika. Vuto mvula ikabwera tili mkati mokolola.

Mphunzitsi_Sayansi: Plasma si bodza ayi. Ndi mpweya womwe magetsi auswa, ngati zimene zimachitika mphezi ikang'anima, ndipo umatulutsa ozoni ndi tizinthu tina toononga khungu la njere za chuku. M'malabu yaonetsa kuti imapha Aspergillus flavus, chuku chotulutsa aflatoxin, n'kuchepetsako poizoni wake. Koma imagwira pamwamba pokha. Mbewu ziyenera kuyalidwa mopyapyala kapena kumatembenuzidwa, si zoti muloze thumba lomanga. Chuku chikalowa mkati mwa mtedza plasma sifikako, ndipo poizoniyo satha ngakhale muphike. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga choterechi. Poizoniyu amayambitsanso khansa ya chiwindi.

BwanaExport: Aphunzitsi, anga amalowa mpaka mkati. Ndinaona ndi maso anga.

Mphunzitsi_Sayansi: Aflatoxin saoneka ndi maso bwana. Mwina katundu wanu amadutsa chifukwa mumasankha bwino musanaike m'makinamo. Munayezetsapo musanaike ndiponso mutachotsa?

Kachingwe22: Nanga magetsi akazima? Bwanji osangothira kumunda Aflasafe, mankhwala achilengedwe ochepetsa aflatoxin?

Wotopa_Nazo: Aliyense wodziwa mmene ndingabwezeretsere ndalama zanga andithandize chonde.

MlimiWaMtedza: Ndamufunsa wogulitsa uja kuti makina ake amatha makilogalamu angati pa ola, komanso atipatse zotsatira za kulabu. Wawerenga uthenga wanga koma sanayankhe. Msonkhano wa gulu ndi Loweruka, ndipo theka la anthu apereka kale ndalama.

MayiNkhokwe: Gulani malona.