Ndithandizeni: mbiri ya Tupac ndiwafotokozere bwanji achinyamata?

Abale anga, ndikupempha nzeru. Ndimathandizira kagulu ka zisudzo ka achinyamata kwathu kuno, ndipo anyamata angapo ayamba kujomba, akuti zisudzo n'zachikale, iwo akufuna rap. Ndiye ndaganiza zowafotokozera za Tupac Shakur, poti iye ankachita zonse ziwiri.

Anabadwira ku New York mu 1971, mayi ake Afeni anali a gulu la Black Panther, lomenyera ufulu wa anthu akuda ku America. Asanatchuke anaphunzira zisudzo ndi ndakatulo pa Baltimore School for the Arts, ngakhale gule wa ballet ankavina. Anyamata anga akamva zimenezi adzaseka mpaka kugwa pansi, koma mfundo yanga ili pomwepo. Chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1991, chaka chotsatira n'kusewera Bishop mufilimu ya Juice, kenaka Poetic Justice ndi Janet Jackson mu 1993. Kwa ine, Bishop uja ndi umboni woti mkuluyu akanafika patali pa mafilimu kuposa pa nyimbo.

Pandivuta ndi apa. Mu 1995 anali kundende pa mlandu wochitira nkhanza mkazi, ndipo mu September 1996 anamuwombera ku Las Vegas, n'kumwalira ali ndi zaka 25. Ana a Fomu 2 ndiwauze zonsezi mosabisa, kapena ndingodutsa pamwamba? Sindikufuna kumusandutsa mngelo, komanso makolo angandiyimike pabwalo.

Nanga kupatula Dear Mama, ndi nyimbo ziti zopanda zotukwana zimene ndingawaikire? Aphunzitsi muli muno, inu mukanatani?