Mwana wanga akufuna udokotala wa khunyu, tiyambire pati?

Membala wobisa dzina: A admin ndibiseni chonde. Mtsikana wanga wamaliza Form 4, wakakamira kuti adzakhala dokotala wa ubongo wa ana, makamaka khunyu. Mlongo wake wamng'ono anayamba kugwa atachira malungo aakulu, pano amamwa mankhwala a khunyu a phenobarbitone. Bambo awo ndalama za fodya anakakwatirira mkazi wina, apongozi akuti mwanayo ndinamulodza ndine. Ine ndimakazinga mandasi, mafuta akweranso. Sukulu yake ili kuti, zaka zingati?

Mphunzitsi wa Bio: Mayi, wapeza mapointi angati? Biology, Chemistry, Physics zili bwanji?

Mjoni Weniweni: ZAKA ZONSEZO ADYA CHANI? Mupatseni mpamba ayambe geni. Madokotala ambiri ndimawapitirira ali pa kabaza.

Nachisale: Mwamuna ameneyo mukamusumire kukhoti azipereka chithandizo. Wanga anathawa ndi mbuzi 6, mpaka lero.

Namwino Wotopa: Njira ndi yaitali mayi. Ayambe digiri ya udokotala (MBBS) ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ku Blantyre, yomwe kale inali College of Medicine: chaka chokonzekera (premed) kenako zaka 5. Akatero internship (kugwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa), kenako zaka 4 za udokotala wa ana, ambiri amachitira ku Queens. Za ubongozo ndi zomalizira.

Mjoni Weniweni: MWAMVA? Adzamaliza ali ndi imvi.

Gogo wa Ndirande: Khunyu si ya kuchipatala iyi. Akagwa mumuike supuni mkamwa, ana ena atalikire angatengere.

Namwino Wotopa: Agogo pepani, ayi. Khunyu sipatsirana, ndipo supuni imathyola mano. Mugonekeni chammbali, muchotseni pafupi ndi moto, ndipo akapitirira mphindi 5 akuphupha thamangirani kuchipatala. Mankhwala asadumphitse.

Mjoni Weniweni: Anamwino mumadziyesa madokotala inu. Ine msuweni wanga anachira ndi mapemphero.

Dokotala Wamawa: Zomalizira za ubongo wa anazo ambiri a mu Africa amakaphunzira ku Red Cross War Memorial Children's Hospital ku Cape Town, kwa Prof Jo Wilmshurst, katswiri wa ubongo wa ana, kudzera mu African Paediatric Fellowship Programme. Kumeneko ndi kumene amazamira pa kuwerenga EEG, mayeso oona mmene ubongo ukugwirira ntchito.

Mjoni Weniweni: Cape Town ndimakhala ine, lendi yake simungaikwanitse.

Mphunzitsi wa Bio: Mayi, mapointi aja?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. A Nachisale, kukhotiko munapita ndi mapepala anji? Mkazi uja akuti ndi woyembekezera kale.