Munthu akadwala mwadzidzidzi usiku ku Masasa, anzathu mumatani?

Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndimakhala ku Masasa kuno ku Mzuzu, kumunsi kwenikweni komwe galimoto imatsika pokhapokha kukauma.

Lachiwiri lapitali cha m'ma 1 koloko usiku, mayi anga anabanika ndi mphumu. Mankhwala opopera mkamwa aja anali atatha, kunja mvula ili pwata. Ndinaimbira a taxi atatu. Woyamba sanayankhe, wachiwiri anati alibe mafuta, wachitatu anavomera koma anati aima pa tala, kumatope safikako. Ndiye ine ndi mlamu wanga tinawabereka mayi mosinthana, kukwera chitunda choterera chija, foni ndi tochi yake ndili nayo kukamwa. Mayi ankalephera ngakhale kutchula dzina langa. Tinatha ola lathunthu kuti tifike kuchipatala, pomwe masana ndi ulendo wa mphindi zochepa. Atawaika pa okosijeni anayamba kupeza bwino, pano ali kunyumba.

Chondisowetsa tulo n'chakuti mkazi wanga ali ndi pathupi pa miyezi 8. Matenda akamuyamba usiku wotere, iyeyu sindingamubereke. Kodi ilipo ambulansi yomwe imatenga wodwala pakhomo? Inu a ku Ching'ambo, Mchengautuwa ndi Zolozolo mumatani?

Mayi a Wongani: Pepani achimwene. Ambulansi za boma kawirikawiri zimanyamula odwala amene atumizidwa kuchokera kuchipatala chaching'ono kupita ku chachikulu, pakhomo musaziwerengere. Akazi anuwo akapita ku sikelo afunse anamwino za chidikiro. Apo ayi, masiku akayandikira akakhale kwa m'bale wa pafupi ndi chipatala cha Mapale. Akaona magazi, kapena mutu ukamawawa kwambiri maso n'kumachita chidima, musadikire kuti kuche.

Mnyamata wa ku Luwinga: Ife pa banki m'khonde tinapatula thumba la ngozi, ndipo tinapangana ndi dalaivala wa minibasi wa pamzere pathu kuti foni yake isamazime usiku. Ndalama timamupatsa kukacha. Kumbukiraninso kuti ku St John's n'kolipira, pomwe kwa boma n'kwaulere.

Mwini funso: Yewo chomene nonse. Azakhali a mkazi wanga amakhala ku Katawa, ndipita kukalankhula nawo Loweruka. Koma akachoka mayi a kunyumbawa, mayi anga odwala aja ndidzatsala nawo ndekha, mlamu wanganso akubwerera ku Ekwendeni. Alipo wa ku Masasa kuno woti tiyambitse limodzi thumba lotereli mvula isanakule?