Mayi wa mawanga oyera wagula nyale yofiira, ndimuuze chiyani?

Namwino, Ulónguè:
Anzanga ndithandizeni. Kwabwera mayi wa zaka 34, mawanga oyera kumaso ndi m'manja, chaka chachiwiri chino. Anagula nyale yofiira ya LED kwa wamalonda wa pa Facebook, akudziwalitsa usiku uliwonse koma palibe kusintha. Akufunsa ngati awonjezere nthawi. Ine ndikuganizira vitiligo, matenda amene khungu limataya mtundu wake.

Tekiniko wa zachipatala, Moatize:
Achemwali, za nyale zidikire kaye. Tengani kathonje, mayiyo atsinzine, mukhudze pamawangapo kenako pakhungu labwino. Ngati pamawanga samva, ganizirani khate. Yesani pamkono, chifukwa kumaso munthu amatha kumvabe ngakhale lili khate. Mugwirenso mtsempha wa pachigongono ngati watupa. Ine ndinakhalapo miyezi ndikupatsa mnyamata wina mafuta a zikanga, ndinazindikira zala zitayamba kupindika. Mpaka lero zimandiwawa mumtima.

Namwino, Ulónguè:
Zikomo achimwene, ndayesa. Akumva paliponse, mitsempha ili bwino. Mawangawo ndi oyera mbuu ngati mkaka, osati ongotuwa.

Dokotala, Tete:
Zikufanana ndi vitiligo ndithu. Pamenepa chitetezo cha thupi chikuwononga maselo opanga mtundu wa khungu. Kuwala kothandiza ndi UVB, kuwala kosaoneka ndi maso, ya 311 nm (nm ndi muyeso wosiyanitsira mitundu ya kuwala). Kumafooketsa maselo achitetezo amene akuukirawo, ndipo kumadzutsa maselo a mtundu omwe atsala m'mizu ya tsitsi. N'chifukwa chake mtundu ukamabwerera umayamba ngati timadontho tozungulira ubweya. Mayi namwino, onani ubweya wa pamawangapo: ngati nawonso wayera, chiyembekezo pamalo amenewo n'chochepa.

Nyale yofiira ija imawala pa 630 mpaka 660 nm, mulibe UVB. Ngakhale atagona nayo mpaka mbandakucha singachite ntchito imeneyi. UVB yeniyeni timapereka kawiri kapena katatu pa sabata, kuyamba ndi nthawi yochepa kwambiri, maso ataphimbidwa, ndipo zimatenga miyezi. Kumaso kumalandira bwino, zala ndi mapazi zimavuta. Muwauze zimenezi poyera asadzati tinawanamiza.

Namwino wa amayi ndi ana, Tsangano:
Adokotala, nanga dzuwa lonseli lili ku Tete, sangangowothera?

Dokotala, Tete:
Dzuwa lili ndi UVB, koma mulingo wake simungauyeze. Pamawanga palibe chotchinga, pamapsa msanga, ndipo khungu likavulala vitiligo imatha kutulukira pomwepo. Masana avale chipewa ndi zovala za manja aatali. Asamapakenso madzi a mandimu n'kupita padzuwa, ena amatuluka matuza.

Namwino, Ulónguè:
Ubweya wa kumaso ukadali wakuda. Ndalemba kalata yowatumiza kwa dokotala wa khungu, ndapemphanso ayezedwe chithokomiro. Chimene chimawasowetsa tulo n'chakuti apongozi anasiya kudya nawo mbale imodzi, poopa kutengera. Ndawauza Lachisanu abwere nawo, ndikhale nawo pansi onse awiri.