Banja latha ndili pa viza ya ukwati ku UK: kodi ndingakhalebe m'dziko muno mwalamulo?

Mayi wa ku Leeds:

Ndikupempha malangizo kwa amene mukudziwa malamulo a kuno. Ndinabwera ku UK mu 2023 pa viza ya ukwati ya miyezi 33, kutsatira amuna anga amene kwawo ndi ku Malawi koma ndi nzika ya Britain. Tili ndi mwana mmodzi wobadwira konkuno, ndipo chipatukireni miyezi ingapo yapitayo, mwanayo ndikukhala naye ine. Ankhoswe athu ayesetsa kutiyanjanitsa pa foni koma zakanika. Kukhoti sitinapite, choncho pa mapepala tidakali banja. Bambo a mwanayu akunena kuti akangouza Home Office, nthambi ya boma yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndidzathamangitsidwa, mwana n'kutsala ndi iwo. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kodi viza yanga idakali ndi mphamvu popeza sitinasudzulane, nanga pali njira ina yoti ndikhalebe?

Bambo wa ku Coventry:

Pepani ndi zimene mukukumana nazo, mayi. Choyamba dziwani kuti Home Office siyang'ana ngati khoti lathetsa ukwati kapena ayi, imayang'ana ngati banjalo lilipodi, ndipo mukapatukana kotheratu mumayenera kuwadziwitsa ngakhale mtchatho wanu udakali m'sutikesi. Akadziwa, kawirikawiri amafupikitsa viza n'kukusiyirani masiku 60 oti mupemphe chilolezo china kapena mutuluke m'dziko. Amene amafupikitsa viza ndi boma, osati amuna anu, ndipo mpaka mutalandira chidziwitso chawo, viza yanu ikugwirabe ntchito ndipo mukhoza kupitiriza ntchito.

Njira imene ndikuiona yolimba kwa inu ndi yopempha ngati kholo. Mwana wobadwira ku UK bambo ake ali nzika ya Britain nayenso ndi nzika, ndipo kholo limene likumulera lili ndi mwayi wopempha kukhala m'dziko chifukwa cha iye. Panjira imeneyi safuna ndalama zokwana mapaundi 29,000 pachaka zimene zinakhazikitsidwa mu Epulo 2024 kwa opempha viza ya ukwati koyamba. Amangofuna umboni woti mungathe kudzisamalira pamodzi ndi mwana komanso kuti muli ndi pokhala poyenera. Amapereka miyezi 30 nthawi iliyonse, ndipo mukakwaniritsa zonse, kuphatikizapo mayeso a Chingerezi, mumafika pa chilolezo chokhala mpaka kalekale patatha zaka zisanu. Zina zikaperewera amakuikani pa njira ya zaka 10. Yambani kusonkhanitsa makalata a kwa dokotala, a kusukulu ya mkaka ndi ena onse osonyeza kuti mwanayo amakhala ndi inu. Ngati ndalama zolipirira fomu zikusowa, pali mwayi wopempha kuti akukhululukireni malipirowo.

Mnyamata wa ku Luton:

Ine maganizo anga ndi akuti musafulumire kuulula. Mabanja ambiri amapatukana kenako n'kubwererana, ndiye bwanji osalola ankhoswe apitirize kukambirana, bambowo asaine mapepala owonjezera viza, mudikire zaka zisanu zikwane? Kapenanso funsani abwana anu kuntchito kuti akutengereni viza ya ntchito, chifukwa imeneyo sidalira mwamuna.

Mayi wa ku Manchester:

Achimwene a ku Luton, mfundo yanu yoyambayo ndi yoopsa. Powonjezera viza ya ukwati, anthu awiriwo amatsimikiza kuti banja lawo ndi lenileni ndipo akukhala limodzi. Kusaina zimenezi mutapatukana ndi chinyengo, ndipo chikadziwika chimawononga mapempho onse am'tsogolo, ngakhale lija la kholo limene likanatheka popanda vuto. Komanso n'kudziika m'manja mwa munthu amene waonetsa kale kuti viza akuigwiritsa ntchito ngati chikwapu. Za viza ya ntchito n'zoona kuti imatheka ngati kampaniyo ili ndi chiphaso chothandizira antchito ochokera kunja, koma zaka zimene mayiwa akhala kale siziwerengedwa pa zaka zofunika pa njira imeneyo, amayambiranso, ndipo chilolezo chawo chimamangirika kwa bwana mmodzi. Kuyambira Julayi 2025 malamulo a viza ya osamalira okalamba anakhwimitsidwanso kwambiri.

Kwa inu achemwali, mawu owopseza amene mwatchulawo musawatenge mopepuka. M'malamulo a kuno nkhanza za m'banja si kumenya kokha ayi. Kuopseza munthu ndi nkhani ya viza, kumulanda ndalama, kumubisira pasipoti kapena kumuletsa kuonana ndi anzake zimawerengedwanso. Ngati banja linatha chifukwa cha khalidwe lotere, munthu amene ali pa viza ya ukwati angathe kupempha chilolezo chokhala mpaka kalekale nthawi yomweyo kudzera pa fomu ya SET(DV), osadikira zaka zisanu. Palinso dongosolo lotchedwa Migrant Victims of Domestic Abuse Concession, limene limapereka miyezi itatu yokhala m'dziko pamodzi ndi mwayi wolandira thandizo la boma pamene mukukonza pempholo. Koma dongosololi limalowa m'malo mwa viza imene muli nayo, choncho musalipemphe musanaonane ndi katswiri. Mabungwe monga Rights of Women ndi Southall Black Sisters amathandiza amayi pa nkhani zoterezi.

Mayi wa ku Leeds:

Zikomo kwambiri nonse. Sanandimenyepo, koma malipiro anga onse ankalowa mu akaunti yawo, ndipo mauthenga owopseza aja ndinawasunga pa WhatsApp. Nkhawa yanga yatsala pa nthawi: nanga viza ikatha yankho la pempho langa lisanabwere?

Bambo wa ku Coventry:

Mukapereka pempho loyenera viza isanathe, kapena masiku 60 aja asanathe, gawo 3C la lamulo lotchedwa Immigration Act la 1971 limakutetezani: mumapitiriza kukhala ndi kugwira ntchito mwalamulo mpaka atayankha, bola musatuluke m'dziko panthawiyo, ngakhale kupita kumudzi kukaona makolo. Onetsetsani kuti adiresi ndi imelo zimene Home Office ili nazo ndi zanu, chifukwa chidziwitso chikapita kwa bambowo masiku aja adzayamba kuwerengedwa inu musakudziwa. Mauthengawo ndi mapepala a kubanki kaonetseni kwa loya kapena mlangizi wolembetsedwa ndi Immigration Advice Authority, bungwe loyang'anira alangizi a nkhani za viza, kuti akuuzeni ngati umboniwo ukukwanira pa SET(DV) kapena ndi bwino kupempha ngati kholo. Za amene adzakhale ndi mwana ndi nkhani ya khoti la mabanja, Home Office siigamula.