Kodi mng'alu wa pa bwato la faiba ndingaumate bwanji kuti usatsegukenso?

Wa ku Senga Bay (Randburg) analemba kuti:

Moni nonse abale ndi alongo. Abwana amene ndawagwirira ntchito zaka zambiri muno mu Johannesburg anandisiyira bwato lawo la matanga pamene ankasamukira ku Cape Town. Ndi Hobie 16, bwato lija la mimba ziwiri zazitali zopindika ngati nthochi, lokhala ndi chinsalu chokhalapo pakati. Mwezi watha tinapita nalo ku Vaal Dam, ndipo pobwerera kumtunda ndinagunda mwala umene sunkaoneka m'madzi. Mimba ya kumanzere yang'aluka m'mbali chakumunsi, mng'alu wautali masentimita 15, ndipo nditatsegula chotsekera cha kumbuyo munatuluka madzi pafupifupi theka la ndowa. Vuto lachiwiri ndi lakale: pamwamba pa mimba yomweyo, kutsogolo kwa chitsulo chogwira chinsalu, ndikapondapo pamabonyeka ndi kulira ngati masamba ouma.

Kwathu bwato la matabwa timalimata ndi phula, koma za faiba sindinagwirepo. Ndikufunitsitsa kulikonza ndi manja anga, chifukwa cholinga changa ndi chakuti tsiku lina ndidzalikokere kumudzi kuti ana anga adzaphunzirirepo kuyendetsa bwato ndi mphepo. Kodi ndiyambire pati, ndipo ndigule chiyani?

Mmisiri wa madamu osambira (Germiston) anayankha kuti:

Achimwene, musagule kanthu kaye. Ntchito yoyamba ndi kuumitsa, ndipo anthu ambiri amalephera pomwepa chifukwa cha changu. Khoma la mimba ya bwato limenelo lili ndi zikopa ziwiri zopyapyala za faiba, ndipo pakati pake pali fomu yolimba. Madzi akalowa pa mng'alu amanyowetsa fomuyo, ndiye mukamata pamwamba pa chinyontho chigamba chimasiyana ndi khoma, ngakhale chitaoneka chokongola tsiku loyamba. Chotsani chotsekera, ikani bwatolo pansi pa denga mopendekera kuti madzi atsikire kumbuyo, ndipo mulisiye masabata angapo. Mwayi wanu ndi wakuti nyengo yozizira ya kuno mpweya umakhala wouma kwambiri, choncho lidzauma msanga kuposa mmene likanachitira kunyanja.

Likauma, tengani ndalama yachitsulo muzigogoda mozungulira mng'aluwo. Pamene pali bwino pamamveka mawu akuthwa, pamene faiba yasiyana ndi fomu pamamveka ngati mukugogoda dzungu lowola. Lembani malire ndi cholembera, ndipo musadabwe malo owonongeka akakula kuposa mng'alu umene maso akuona. Kenako palani ndi sandipepa ya nambala 80 mpaka mutachotsa faiba yonse yoyererako ndi yophwanyika, ndipo m'mphepete mupale motsetsereka, m'lifupi mwake mukhale kuchulukitsa ka 12 kuchindikala kwa chikopacho. Ngati chikopa ndi mamilimita 2, motsetserekamo mukhale pafupifupi mamilimita 25 mbali zonse. Fomu yowola muichotse, muikemo ina. Pukutani ndi mankhwala otsukira a acetone ndi nsalu yoyera.

Ine pa malo amenewo ndingagwiritse ntchito rezini (mankhwala amadzimadzi omatira faiba) ya mtundu wa polyester, chifukwa bwatolo linapangidwa ndi yomweyo, ndi yotsika mtengo, ndiponso gelcoat, utoto wolimba wa kunja uja, imagwira bwino pamwamba pake. Mankhwala oumitsira, MEKP, muthire mamililita 2 pa magalamu 100 a rezini, ndipo muzisakaniza yochepa nthawi imodzi, chifukwa kukatentha imayamba kulimba pasanathe mphindi 20. Dulani zigamba za nsalu ya faiba zosiyana kukula, muzisanjikiza chimodzichimodzi, chilichonse chinyowe bwino mpaka chisiye kuoneka choyera, ndipo mufinye mpweya wonse utuluke. Rezini yochuluka siwonjezera mphamvu. Mphamvu ili mu nsalu. Chonde valani magalasi ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno. MEKP ikagwera m'diso ikhoza kulichititsa khungu, ndipo fumbi la faiba limayabwa usiku wonse ngati chitedze.

Mayi wa ku Monkey Bay (Deneysville) anayankha kuti:

Bambo a ku Germiston alongosola bwino za kuumitsa ndi kupala, ndipo sindiwonjezerapo. Koma pa nkhani ya rezini ndikusiyana nawo pang'ono, ndipo ndikunena izi chifukwa ine ndi amuna anga timasamalira mabwato a anthu kuno m'mbali mwa Vaal. Polyester imagwirana bwino kwambiri ndi inzake pamene zonse zili zaziwisi m'fakitale, koma pa faiba imene inauma zaka makumi angapo zapitazo imangodalira mikwingwirima ya sandipepa, ndipo imafota pang'ono pouma. Epoxy, mtundu wina wa rezini wa mbali ziwiri zosakaniza, imamatirira mwamphamvu kwambiri pa faiba yakale. Mimba za bwato limeneli zimapotoka nthawi zonse mphepo ikalimba, makamaka pamene mimba imodzi yanyamuka m'madzi ndipo kulemera konse kuli pa inzake, kotero kuti ine mng'alu wa pansi pa madzi ndimaumata ndi epoxy ngakhale ndi yodula.

Pali zinthu zimene muyenera kudziwa mukasankha epoxy. Muyezo wa mbali zake ziwiri ndi umene walembedwa pa chitini, ndipo simungawonjezere choumitsira kuti iume msanga monga zimachitikira ndi polyester. Mukatero imakhala yofewa mpaka kalekale. Gulani nsalu yolukidwa, osati mphasa ija ya ulusi woduladula, chifukwa guluu wogwira ulusi wa mphasa zambiri amasungunuka mu polyester yokha. Ikauma, itsukeni ndi madzi musanapale, popeza nthawi zina imatulutsa kamafuta pamwamba kamene kamalepheretsa utoto kugwira. Ndipo musaisiye pamtetete: dzuwa la kuno, pa mtunda wa mamita oposa 1,400, limaiwononga, choncho muipake utoto wa mabwato. Gelcoat pamwamba pa epoxy nthawi zambiri imavutitsa, ndipo pamenepa bambowa akunena zoona.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri si mng'aluwo ayi, koma pamene pakubonyekapo. Limeneli ndi vuto lodziwika pa ma Hobie 16 akale, ndipo ndi loopsa chifukwa waya wa kutsogolo wogwira mlongoti amakoka nsonga za mimba, kotero kuti pamwamba pakafooka mimba ikhoza kuthyokera pomwepo muli pakati pa madzi. Mankhwala ake ndi awa: matani tepi pa malo onse ofewa, boolani timabowo ting'onoting'ono totalikirana masentimita 3 kapena 5, koma muboole chikopa cha pamwamba ndi fomu basi. Mangani tepi pa choboolera ngati chizindikiro kuti chisapitirire, chifukwa mukaboola chikopa cha pansi epoxy yonse idzangodonthera m'mimba. Kenako ponyani epoxy yamadzimadzi ndi sirinji mu bowo limodzi mpaka itatulukira m'mabowo oyandikana nalo, n'kumapitirira choncho. Ngati malo ofewawo atenga gawo lalikulu la kutsogolo, musalimbane nawo, funani mimba ina yogwiritsidwapo kale ntchito, popeza mabwato amenewa ndi ambiri muno mu South Africa.

Mmisiri wa madamu osambira (Germiston) anayankhanso kuti:

Mayi, pa za pamwamba pofewapo ndikugwirizana nanu kotheratu, pamenepo ndi pa epoxy basi. Pa mng'alu ndikadaimabe pa polyester ngati munthu wapala bwino, koma achimwene asankhe malinga ndi thumba lawo. Chimene ndinaiwala ndi kuzizira. Mu Juni ndi Julayi kuno m'mawa kumagwa chisanu, ndipo rezini zambiri siziuma bwino kutentha kukatsika pansi pa madigiri 15. Yambani cha m'ma 11 koloko, bwato litatenthedwa kale, kuti chigamba chilimbe dzuwa lisanapendeke ndi mame asanagwe. Mukamaliza, yesani ngati mpweya ukutuluka: pakani madzi a sopo pa chigamba ndi m'misoko yonse, wina apemerere ndi pakamwa pa bowo la chotsekera, inu muziyang'ana thovu. Musayerekeze kugwiritsa ntchito makina opopera matayala, chifukwa mphamvu yake ikhoza kung'ambula msoko wolumikiza pamwamba ndi mimba.

Wa ku Senga Bay (Randburg) analembanso kuti:

Zikomo kwambiri bambo ndi mayi. Dzulo madzulo ndinagogoda ndi ndalama ya R5 monga munanenera, ndipo malo omveka mogonthera afika masentimita 25, kupitirira mng'alu mbali ya kumbuyo. Pamwamba pofewa ndi pokula ngati zikhatho ziwiri, choncho ndikuganiza kuti mimbayo ipulumuka. Ndasankha kugula epoxy ya ntchito zonse ziwiri kuti ndisasunge mankhwala amitundu iwiri m'chipinda chimene ndimagonamo. Bwato ndalikweza pa matayala akale m'galaja, chotsekera ndachotsa, ndipo ndiliyembekezera mpaka kumapeto kwa mwezi. Mayi, funso limodzi latsala: fomu yoikamo m'malo mwa yowolayo ndikaifune ya mtundu wanji, ndipo kodi ndiimate ndi epoxy yomweyo kapena pamafunika kuisakaniza ndi ufa wolimbitsa kuti isayenderere?