Ku The Hague kapena ku Hague? Peji ikutseka

Nabanda: Akuluakulu thandizeni msanga, peji ya nyuzipepala ikutseka 9 koloko. Ndikumasulira kopi (nkhani) ya ICC, khoti la milandu la dziko lonse, kuchokera m'Chingerezi. Mtolankhani analemba "ku The Hague", ine ndinadula The, chifu sabu (mkulu wokonza nkhani) wabwezera ndi bolopeni yofiira. Koma m'ndime yachitatu, pa "ku the Netherlands", yemweyo wachotsa. Lamulo lake ndi liti? Sitailo buku yathu (ya malamulo a kalembedwe) pa izi ili zii.

Madala Mbewe: Chichewa chilibe the. Dulani zonse. Ku Hague, ku Netherlands, ku Gambia, basi.

Che Jafali: Pang'onopang'ono madala. Wa Hague uja ndi chiwalo cha dzina, eni ake amati Den Haag, n'chifukwa chake m'Chingerezi T amakhala wamkulu ngakhale pakati pa chiganizo. Wa Netherlands ndi wa galamala chabe, t wamng'ono, ndipo pomasulira amagwa yekha. Chifu wanu sanalakwe, achemwali.

Nangozo: Gambia musaiseweretse. Dzina la boma ndi Republic of The Gambia, T wamkulu. Mu 1964 iwo okha anapempha kuti The akhalepo, poopa kuwasokoneza ndi Zambia yomwe inalandira ufulu chaka chomwecho. Ukraine ndiye zosiyana: chilandirireni ufulu mu 1991 safuna kumva "the Ukraine". Mukamalemba kopi ya Chingerezi musamuikepo.

Madala Mbewe: Ndiye agogo anga ku Dedza aziti "ku The Gambia"? Ku ndi The pamodzi, lilime lipindika. Chichewa chilibe the.

Achimwene a Malonda: Inu mukukamba za nkhani. Pa malonda musayerekeze. Ndili ku ntchito yanga yakale tinadula The pa dzina la kampani ina m'chidziwitso cha theka la peji. Mawa lake bwana wawo anabwera ndi setifiketi ya kaundula m'manja, kuloza ndi chala. Anakana kulipira, tinatulutsanso ulere, ine kalata ya chenjezo. Dzina la kampani kopelani mmene lilili pa pepala lawo, kadontho komwe.

Che Jafali: Komanso chonde musadule ndi find and replace. Mnyamata wina wa pa leyauti anafufuta "the" yense pa peji ya Chichewa. Theka linasanduka "ka", mathero "maro", thewera "wera". Tinazigwira pa pulufu yomaliza, puleti yosindikizira itatsala pang'ono kuwotchedwa. Ndinatuluka thukuta mwezi wa Juni.

Nangozo: Kkkk maro! Za manyuzi ine ndimatsata mutu wa pa tsamba loyamba: nyuzipepala ya The Nation, ya The Daily Times. Koma azungu omwewo sankagwirizana: sitailo buku ya Chicago inkalemba t wamng'ono mpaka 2024, ya AP (bungwe la nkhani la ku America) imalemba wamkulu ngati nyuziyo imadzitchula choncho.

Madala Mbewe: Ndani anayamba wanenapo kuti "ndinaphunzira ku The Polytechnic"? Tonse tinkati ku Poly mpaka inasanduka MUBAS. Mumsewu mumva "ndigaireni Nation". Chichewa chilibe the, ana inu.

Che Jafali: Kuyankhula n'kwina, kulemba n'kwina madala. Inu nomwe kopi yanu imabwera ndi "Aphiri" pamwamba, "a Phiri" pansi.

Madala Mbewe: Imeneyo ndi ya otaipa, si yanga.

Nangozo: Anabanda, peji inatseka? Mwasiya chiyani?